Dzenje la Bilimankhwe Kuseri kwa Nyumba ya Mayi Amisa

Ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, kulibe Msilamu amene sadziwa nambala ya foni ya Mayi Amisa, koma kulibenso amene amaimba nambalayo kuti angocheza. Imaimbidwa pakhomo pakagwa zovuta. Mayi Amisa ndiwo amasambitsa maliro a akazi. Foni ikalira amanyamula chikwama chawo chakuda, momwe mumakhala sopo, thonje, sizasi ndi nsalu yoyera ya nsanda, n'kuuyamba ulendo, kaya mvula ikugwa kaya madzi afika m'maondo. Agwira ntchitoyi zaka zoposa makumi atatu, ndipo palibe tsiku limene anabwerera pakhomo la maliro chifukwa cha mantha.

Koma muwaonetse buluzi. Mayi omwewo amene amatseka maso a akufa ndi zala zawo amalumpha ngati kamtsikana akaona nalimata pakhoma. Nsapato savala asanazigwedeze kawiri, chifukwa tsiku lina anapondamo chule. Bongololo akalowa m'nyumba amamukankha ndi tsache lalitali, nkhope atatembenuzira kumbali. Gulo wa mumtengo wa mango akagwedeza mutu, iwo amati akuwanena. Ndiye Kanyama si malo a munthu woopa tizilombo. Pansi pake ndi mwala wokhawokha, choncho mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangoima m'njira ndi m'mabwalo, ndipo chilichonse chokwawa chimathawira m'nyumba za anthu.

Malemu amuna awo, a Abdulmajid, amene ankakhoma zidebe ndi mbaula, ankawaseka kwambiri. "Wakufa sumuopa, koma kanthu koti ndingakaponde ndi chidendene kakukuimika pampando?"

"Wakufa sayenda," iwo ankayankha choncho.

Zonsezi zinali zoseketsa, ndipo eni akewo nthawi zina ankadziseka. Koma panali kachilombo kamodzi kamene sankalola kuti munthu akatchule moseka. Kameneko ndi bilimankhwe.

Bambo awo anali telala wochokera ku Mangochi, amene anabwera kudzasoka m'makonde a masitolo ku Kamwala. Anabereka ana aakazi awiri, Nusra ndi Amisa, ndipo onse anakulira m'Kanyama momwemu. M'chaka cha 1989 Nusra anabwera kwa makolo ake ndi pakati poyamba kudzadikira tsiku lake, monga mwa mwambo. M'mawa wina mayi awo akusesa anapeza bilimankhwe akukumba pafupi ndi khomo, atada bii, akutulutsa dothi pang'onopang'ono ndi timanja take. Anataya tsache n'kuyamba kulira, akuti awa ndi manda. Kwawo munthu akaona bilimankhwe akukumba amadziwa kuti ndi malodza, akukumba manda a munthu wa pakhomopo. Anamuphwanya ndi mwala, koma dzenje linali litatha kale. Patapita masiku awiri Nusra anamwalira pobereka, mwana ali m'mimba.

Nthawi imeneyo Amisa anali ndi zaka makumi awiri. Amayi achikulire osambitsa maliro anamuitana kuti aziwathirira madzi, popeza anali m'bale wake wa malemuyo, choncho maliro oyamba amene manja ake anakhudza anali a mkulu wake yemwe. Sanathawe, sanakomoke. Amayi aja anaona kuti mwanayu ali ndi mtima wa ntchitoyi, ndipo kuyambira pamenepo ankamutenga kulikonse. Mwa zonse zimene anaphunzira, chimodzi chinakhazikika m'mutu mwake. Asilamu sachedwetsa maliro, amaika tsiku lomwelo ngati n'kotheka, komabe thupi silituluka m'nyumba mpaka amuna okumba atatumiza uthenga kuti manda atha. Mukhoza kusambitsa, kukulunga, kumanga, koma manda asanathe palibe amene amanyamulidwa.

Ntchitoyi inawapatsa ulemu, komanso inawalanda kanthu kena. Akazi amawagwadira popereka moni, koma khanda sawapatsa. Mayi Amisa akalowa m'nyumba momwe mwabadwa mwana, mwanayo amapezeka kuti wangogona kumene, kapena akufuna kuyamwa. Palibe amene amanena poyera, koma iwo amadziwa kuti anthu akuyang'ana manja awo. Khanda lomaliza limene analisambitsa anali Hanan, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo zimenezi zinkawapweteka ngakhale sanauzepo munthu.

Mu Malichi chaka chatha, mvula itayamba kuchepa, Hanan anabwera kwa mayi ake ndi pakati poyamba. Mwamuna wake Faruk, amene amakonza mafoni mumsika, anamuperekeza ndi chidebe chatsopano ndi chikwama cha zovala za mwana. Faruk yemweyu ndiye anatutira apongozi ake mawilibala a dothi lofiira kuseri kwa nyumba kuti madzi asamalowe pansi pa khoma, ndipo pa mulu umenewo Mayi Amisa anabzala maungu. Pabwalo lonse, malo okhawo ndiwo anali ndi dothi lofewa. Tsiku limene anamwino anawerengera linakwana, n'kudutsa. Sabata inatha. Hanan ankangoyenda atagwira msana, akudandaula kutentha, mwana ali phee.

Lolemba m'mawa Mayi Amisa anapita kuseri kukathyola nkhwani. Atatukula tsamba lachiwiri anaona dothi likusuntha. Pansi pa tsambalo panali bilimankhwe wamkulu, atada bii, mutu uli m'kadzenje, akukankhira dothi kumbuyo mwendo umodzi umodzi, mosafulumira, ngati munthu wodziwa ntchito yake. Diso limodzi linatembenuka n'kuwayang'ana, linalo likuyang'anabe m'dzenje.

Mbale inagwa. Mayi Amisa anakhala pansi. Kuseri kwa khoma lomwelo anamva Hanan akuyimba kanyimbo akupinda matewera. Pakhomopo ankakhala anthu awiri okha, ndipo Mayi Amisa sanakayike kuti mandawo ndi a yani.

Kumzikiti ashehe amanena kawirikawiri kuti malodza kulibe, kuti tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu yekha. Mutu wa Mayi Amisa unkavomereza zimenezo, koma m'mimba mwawo munkakana, chifukwa iwo anaona dzenje lija mu 1989 ndi maso awo. Kupha sakanapha, mayi awo anapha ndipo sizinathandize. Atakhala pansipo, lamulo la ntchito yawo linawabwerera. Manda asanathe palibe amene amanyamulidwa. Basi, manda amenewa sadzatha.

Anatenga tsache lalitali lija, n'kumukankha bilimankhwe ndi mtengo wake, maso atatseka theka. Iye anatsegula kukamwa n'kuwauzira mpweya, fuu, ndipo iwo anatsala pang'ono kugwa chagada. Atachoka anakwirira kadzenjeko, anapondaponda ndi chidendene, n'kuikapo buloko ya simenti. Nkhwani sanathyole.

Masana anapitanso kukaona. Bilimankhwe anali atayamba dzenje lina kumbali kwa buloko ija. Anakwiriranso, n'kuikapo lata lakale. Lachiwiri m'mawa anapeza lachitatu, lakuya kuposa enawo, ndipo anaona kuti akanachedwa kudzuka likanatha. Kuyambira pamenepo sanachokenso pakhomo. Ankati akamuthirira Hanan madzi osamba, athamangire kuseri. Ankati akaika mphika pa mbaula, athamangire kuseri. Chakudya sichinkatsika. Foni inalira, kunali maliro a gogo wina ku Chawama, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi Mayi Amisa ananama kuti akudwala, aitane ena.

Zinthu zotere sizibisika m'komboni. Woyandikana nawo ndi Chishimba, mayi wachibemba wogulitsa makala, amene onse amamutchula kuti Bana Mwansa. Amapemphera kutchalitchi cha pentekosite, ndipo mpanda wa pakati pawo ndi wofika m'chifuwa basi, zomwe zimamukomera kwambiri.

"Bamake Hanan, manje mwayamba kumanga nyumba ina kuseli uko?" anafunsa Lachiwiri madzulo, atatsamira mpandawo. "Mabuloko, malata, nichani kansi?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Nakuonani kuchokela dzulo, muthamanga monga muli na mwana pa moto." Anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa. "Yesu wanga! Akumba! Awe mwandi, ivi si vabwino. Lekani nibweletse palafini timuoche. Nili na mafuta ya ba pasita futi, tizathila ponse apa."

"Tsitsani mawu, Bana Mwansa, angamve mwana. Amayi anga anapha wotereyu. Sizinathandize."

"Manje muzachita bwanji?"

"Ndizikwirira basi. Akatopa achoka."

Koma bilimankhwe sanachoke. Pofika Lachitatu mulu wonse unali utadzaza mabuloko, malata ndi chivundikiro cha diramu, maungu ataphwanyika pansi pake, dothi lotsala litapondedwa mpaka kulimba. Iye anatsikira m'mphepete, pamene pali mwala, n'kumakanda pamwalapo. Ankakanda, n'kupuma nthawi yaitali, n'kukandanso. Mayi Amisa ankamuyang'ana ataima patali, tsache lili m'manja, ndipo ankadana naye ndi mtima wonse.

Umu ndi momwe Hanan anawapezera. Anamwino anamuuza kuti aziyendayenda, choncho masana amenewo anazungulira nyumba atagwira khoma.

"Mami, mwachita chani ku chibwabwa? Nanga ivi vonse?"

"Bwerera m'nyumba. Usayang'ane kuno."

Mwana wobadwira mu Lusaka ukamuuza kuti usayang'ane, ndiye wamuitana. Hanan anafika pafupi, anawerama movutikira, n'kuyang'anitsitsa.

"Ndi malodza, Hanan, choka!"

"Malodza ya chani, Mami? Onani mimba yake. Muona tumabulunga utu m'mbali? Ni mazila. Bamakumba mugodi, baikamo mazila, bavinikila. Tinaphunzila kusukulu, na pafoni ninaonapo. Afuna che pobalila."

Mayi Amisa anayang'ana. M'masiku atatu onsewa ankangoona miyendo yokumba ndi diso lotembenuka lija, mimba sanaiyang'anepo. Inali yotupa mbali zonse, yolendewera mpaka kukhudza mwala, ndipo pakhungu pankaoneka timabulunga ting'onoting'ono tondondozana.

"Mwamuvalila masiku yangati?"

"Atatu."

"Yatatu! Mami, shuwa? Ali monga ine uyu, alema, afuna kutula. Mulekeni." Hanan anaseka pang'ono, n'kubwerera m'nyumba atagwira msana.

Iye ananena moseka, koma mawuwo anawalowa mayi ake mpaka m'mafupa. Masiku atatu akhala akutsekereza mayi woyembekezera, pamene mwana wawo masiku apitirira ndipo palibe chikuchitika. Tsopano mantha anali awiri. Akachotsa mabuloko, mwina akulola manda a Hanan kuti athe. Akawasiya, mwina ndiwo akumanga Hanan. Anaima pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, anagwira buloko imodzi, n'kuisiya. Tsiku limenelo sanachotse kanthu.

Lachinayi Mayi Amisa atangotha swala, pemphero la m'mawa, Hanan anaitana ndi mawu amene mayi aliyense amawadziwa. Matenda anali atayamba. Faruk anabwera ndi takisi, ananyamula chidebe ndi chikwama cha mwana, onse atatu n'kupita kukiliniki. Hanan analowetsedwa, enawo anakhala pabenchi panja pamodzi ndi amayi oyembekezera amene anabwera kusikelo.

Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenaka namwino anatuluka n'kuitana Faruk, koma Mayi Amisa anamva zonse.

"Njila siseguka, na mwana ayamba kulema. Tizamupeleka kuchipatala chikulu, mwina bazachita opaleshoni. Mu ambulansi mungene munthu umozi chabe."

Njira sikutseguka. Nthawi yomweyo mtsikana wina wa pakati amene anakhala ndi Mayi Amisa pabenchi anasendera kutali, maso ali pa miyendo yawo, n'kufunsa monong'ona, "Bamai, kwafa ndani mukati?"

Mayi Amisa anayang'ana pamiyendo pawo. Chinali chikwama chakuda. Pothamanga m'mawa muja dzanja lawo linangochita zimene lakhala likuchita zaka makumi atatu, linatola chikwama chimene limatola nthawi zonse potuluka mofulumira. Anabwera kudzadikira mdzukulu atanyamula nsanda.

Ambulansi inatuluka pachipata, Faruk ali m'kati, ndipo Mayi Amisa anangoona phazi la Hanan chitseko chisanatsekedwe. Anayenda wapansi kubwerera kunyumba, akudumpha zithaphwi osaziona, chikwama atachibisa m'chitenje ngati chakuba. Anthu ankawapatsa moni, iwo osamva.

Atafika sanalowe m'nyumba. Anapita kuseri n'kuyamba kuchotsa mabuloko, imodzi imodzi, kenaka malata, kenaka chivundikiro cha diramu. Bilimankhwe anamupeza m'mphepete muja, atagona chammbali pamwala, maso atalowa m'kati. Anaganiza kuti wafa. Kenaka nthiti zinakwera pang'ono n'kutsika.

Dothi linali lolimba ngati msewu, ndipo analilimbitsa ndi iwo omwe. Kachilombo kotopa chonchi sikakanatha kukumba pamenepo. Mayi Amisa anatunga madzi m'diramu, anathira pamulu, anadikira kuti alowe, n'kugwada. Anayamba ndi supuni yakale, kenaka anaitaya n'kumakumba ndi zala, chopendekera, monga anaonera mwini wake akuchitira. Dzanja lililonse la dothi limene ankatulutsa, mawu a mayi awo ankawabwerera. Ngati mayi ananena zoona, ndiye kuti akukumba manda a mwana wawo ndi manja awo, ndipo palibe wina wowathandiza mlanduwo. Ankalira mokweza, akutchula dzina la Mulungu, koma sanaleke mpaka dzanja linalowa kupitirira pamfundo.

Panatsala chovuta chenicheni. Bilimankhwe sakanayenda yekha kufika padzenjepo. Tsache likanamupweteka. Mayi Amisa anatsegula chikwama chakuda, anatulutsa kansalu kamene amakulunga kudzanja posambitsa maliro, n'kukakulunga monga amachitira nthawi zonse. Anatambasula dzanja kawiri n'kulibweza. Kachitatu analowetsa zala pansi pa mimba yotupa ija n'kutukula.

Anali wopepuka, wozizira. Timanja take tinagwira chala chawo kudzera m'nsalu, mwamphamvu, ndipo Mayi Amisa anakuwa, koma sanamuponye. Anayenda ndi maondo, mano ataluma, mpaka anamutula pakamwa pa dzenje. Anawaza madzi patsamba la dzungu limene linatsala n'kuliika pafupi ndi mlomo wake. Patapita nthawi lilime linatuluka pang'ono n'kunyambita dontho.

"Ndakulakwira, mayi," anatero. "Malo ndi awa. Lowa."

Sanalowe. Diso lija linkangowayang'ana. Ndipo Mayi Amisa anakumbuka kuti mkazi sachira anthu akumuyang'ana, ndipo ngakhale wakufa amamusambitsa atamuphimba. Anamasula chitenje chapamwamba, anamanga nsonga imodzi kumsomali wa pakhoma, inayo anaigwira m'manja, n'kukhala pansi atafulatira dzenje.

Bana Mwansa anatulukira pampanda, botolo la palafini lili m'manja. Anaona mabuloko atachotsedwa, anaona chitenje, anaona nkhope ya mnzake.

"Bamake Hanan, Hanan ali kuti?"

"Amutengera kuchipatala chachikulu. Akuti njira sikutseguka."

"Manje imwe muli pano na ichi chinthu?"

"Ali ndi mazira. Ndamutsekera masiku atatu."

Bana Mwansa anaika botolo pansi, anazungulira kuchipata, anadzakhala pambali pawo n'kulandira nsonga ya chitenje kuti dzanja lawo lipume. Anayamba kupemphera chapansipansi m'Chibemba, Mayi Amisa akupemphera m'Chiarabu, ndipo palibe anasokoneza mnzake.

Nthawi inayenda pang'onopang'ono. Kumzikiti anaitanira swala ya madzulo, iwo osadzuka. Kumbuyo kwa chitenje ankamva kukanda kwapansipansi, kenaka zii kwa nthawi yaitali. Foni inali pamwamba pa buloko, ndipo Mayi Amisa ankaiyang'ana monga ankayang'anira bilimankhwe uja. Ankafuna ilire, komanso ankaopa kuti ilira. Foni imeneyo sinawabweretserepo nkhani yabwino.

Dzuwa litatsikira kumadenga a aneba, Bana Mwansa analephera kupirira, anasuzumira pamwamba pa chitenje.

"Bwelani muone," ananong'ona.

Bilimankhwe anali atatembenuka, mutu uli kunja. M'kati mwa dzenje, kumbuyo kwa mchira wake, munali tinthu toyera tambirimbiri, tating'ono ngati nyemba. Mimba ija inali itaphwa, khungu litachita makwinya. Akuyang'ana choncho, iye anatuluka pang'onopang'ono n'kuyamba kukokera dothi m'dzenjemo, akulitsindira ndi timanja take. Mayi Amisa sanaonepo manda akukwiriridwa, chifukwa akazi achisilamu sapita kumanda, koma anadziwa kuti umu ndi momwe zimaonekera. Dzenje linali litatha, ndipo analimaliza ndi iwo.

Pomwepo foni inalira.

Dzina la Faruk linaoneka pagalasi. Inalira kawiri, katatu. Mayi Amisa anabisa manja awo amatope kumbuyo ngati mwana.

"Yankhani, Bamake Hanan!"

"Sindingathe. Yankhani ndinu. Ngati ndi zimenezo musandiuze msanga."

Bana Mwansa anadina, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Poyamba kunamveka phokoso la chipatala, mawilo a bedi, mkazi wina akuitana namwino. Kenaka Faruk, mawu atasasa.

"Amai? Muliko? Banamuchita opaleshoni. Mwana anali na nthambo pakhosi, bati bamuchosa bwino. Ni mukazi. Hanan auka manje manje, afuna kukamba naimwe."

Apa ndisanamize munthu. Amene anapulumutsa Hanan ndi madokotala ndi mipeni yawo, ndipo ashehe atamva nkhaniyi pambuyo pake anangogwedeza mutu. Mayi Amisa nawonso satsutsa. Koma nthawi imeneyo sankaganiza za madokotala kapena za ashehe. Anagwada m'matope, khutu ataliyandikiza kufoni imene Bana Mwansa anagwira, akudikira mawu amodzi okha.

"Mami."

Anali mawu ofooka, aulesi ndi mankhwala, koma anali a munthu wamoyo. Chapafupi kanthu kena kankalira mokwiya, ng'aa, ng'aa.

"Ndili pano, mwanangu. Ndili pano."

"Mami, ba nesi bamupukuta chabe. Tikabwela kunyumba ndimwe muzamusambika. Sinifuna munthu wina amugwile poyamba. Mwamvela?"

Bana Mwansa ndiye anayankha kuti amva, amva ndithu, n'kudula foni. Kumbuyo kwawo bilimankhwe anali atamaliza kutsindira dothi, ndipo ankakwera mpanda mwendo umodzi umodzi, atayamba kubiriwira. Mayi Amisa anasendera kutali pang'ono kuti adutse, chifukwa mantha a zaka zonsezi satha tsiku limodzi.

Kenaka anatulutsa manja awo kumbuyo n'kuwayang'ana. Dothi lofiira linali m'zikhadabo, kansalu kaja kakadali kudzanja lamanja. Anakamasula pang'onopang'ono.

"Bana Mwansa," anatero, "madzi a khanda amafunika otentha bwanji? Ndinaiwala. Anthu anga aja sadandaula."

Bana Mwansa anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anatenga mkono wawo wamatopewo, osauopa, anaupinda, n'kugwira pachigongono.

"Muyesela apa," anatero. "Apa pakamvela bwino, na mwana azamvela bwino."